KU SUN CITY: USIKU UNGATI, MATIKITI ANGATI?

Kumpoto cakumadzulo kwa mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu anali kuucha Joni, kuli mapiri oima mozungulira ngati mpanda wa khola. Dzina lao ndi Pilanesberg. Munthu wopita kumeneko pa galimoto ayenda maora awiri ndi kanthu, napyola migodi ya platinamu ya m'dera la Rustenburg, imene nsanja zace ndi milu yace ya dothi zimkumbutsa Kitwe ndi Mufulira. Dzikolo ndi louma, la mitengo ya minga ndi miyala yofiirira. Koma patsinde pa mapiriwo, munthu akangolowa pa cipata cimodzi, apeza msipu wobiriwira, migwalangwa, mathithi a madzi ndi nsanja zazitali za nyumba yonga ya mfumu ya m'nthano. Amenewa ndiwo malo ochuka a Sun City, mudzi wa mahotela ndi masewera.

Kale malo otere tinali kungowamva m'wailesi. Lero mabanja ambiri a m'maparishi athu ali ndi ana ogwira nchito ku South Africa: anamwino, aphunzitsi, amakanika ndi oyendetsa malole. Ana amenewa amaitana makolo ndi abale ao kuti akaceze, ndipo munthu wa pasipoti ya Zambia safunika viza pa ulendo waufupi woceza m'dzikolo. Tsono wina akati, "Tiyeni tikaonetse ana Sun City," pabuka mafunso awiri amene ambiri amawayankha mothamanga: tikagoneko usiku ungati, ndipo tigule matikiti ati? Mafunsowa aoneka ang'onoang'ono, koma yankho lace ndilo linena ngati banja lidzabwerako lopumula ndi lokondwa, kapena lolema, lokangana ndi lomangidwa m'nkhongole pofika mwezi wa Januwale, pamene sukulu zifuna ndalama.

Mbiri ya malowa

Ndi bwino kudziwa cimene malowa anamangidwira, pakuti mamangidwe ace akali kutsata colinga cimeneco. Sun City inatsegulidwa pa 7 Disembala 1979, ndipo mwini nzeruyo anali Sol Kerzner, mkulu wa zamahotela. Pa masiku amenewo nyumba za njuga zinali zoletsedwa mu South Africa. Koma dera limeneli linali m'Bophuthatswana, cigawo cimene boma la tsankho linacipatula mu 1977 ndi kucicha dziko loima palokha, pansi pa ulamuliro wa Lucas Mangope. Maiko akunja anakana kubvomereza ufulu wonamawo, koma kwa olemera a ku Johannesburg ndi Pretoria unali mwai, cifukwa zimene lamulo linawaletsa kwao anali kukazipeza pa mtunda wa maora awiri cabe.

Oimba ochuka anaitanidwa ndi malipiro akuluakulu. Frank Sinatra anaimbako mu 1981, ndi gulu la Queen mu 1984, ngakhale kuti bungwe la United Nations linali litapempha oimba kuti asapite ku dziko la tsankho. Mu 1985 oimba ena ambiri, motsogozedwa ndi Steven Van Zandt, anatulutsa nyimbo yochedwa Sun City, yolengeza kuti iwo sadzapondako phazi. Kwa ife a ku Zambia nkhani imeneyi si yacilendo, pakuti pa zaka zomwezo likulu la ANC linali mu Lusaka, ndipo Oliver Tambo, amene dzina lace linapatsidwa ku bwalo la ndeke la Johannesburg mu 2006, anali kukhala pakati pathu. Mu 1994 Bophuthatswana inatha, ndipo lero Sun City ili m'cigawo ca North West. Aliyense wokhoza kulipira aloledwa. Koma malo amene anamangidwa kuti mlendo akhalitse ndi kumwaza ndalama akali kudziwa bwino nchito yaoyo, ndipo mlendo wanzeru ayenera kulowa atadziwa yace.

Zimene zili mkati

Mkati mwa mpanda muli mahotela akulu anai. Yochipirako ndi Cabanas, imene ili m'mbali mwa dziwe lalikulu, ndipo ndiyo ikondedwa ndi mabanja a ana ang'ono. Pali hotela yoyamba ija ya mu 1979, mmene muli nyumba ya njuga. Pali Cascades, yotsegulidwa mu 1984, ya minda ndi mathithi. Pamwamba pa zonse pali Palace of the Lost City, yotsegulidwa mu 1992, yodula koposa. Omanga anapeka nthano yakuti kale kunali mtundu wa anthu umene unamanga mzinda pamenepo, ndipo civomezi cinaugwetsa. Nthanoyo ndi yopeka ndithu, ndipo ming'alu ya m'zipilala inaumbidwa dala ndi amisiri. Pali ngakhale mlatho wokhala ndi mizere ya njobvu zosema, umene pa nthawi zoikika umagwedezeka ndi kutulutsa utsi ngati civomezi cabweranso. Mabasi aulere amanyamula alendo kucokera pa hotela ina kupita pa ina.

Cimene ana afuna kwenikweni ndi Valley of Waves, cigwa ca mafunde. Nyanja ya mcere ili kutali kwambiri ndi malowa, koma amisiri anakumba dziwe lalikulu, nathira mcenga woyera m'mbali mwace, naika makina amene amaponya funde lotalika pafupifupi mamita 2 pa masekondi 90 alionse. Pamene ine ndinafikako ndi a m'banja langa, ndinaona ana a kwathu, obadwira m'dziko lopanda gombe la nyanja ya mcere, ataima cilili kuyang'ana khoma la madzi likubwera, kenaka nathawa akuseka ndi kukuwa. Palinso mipita yotsetserekamo kucokera pamwamba, ndi kamtsinje koyenda mwaulesi kamene munthu amayandamapo atakhala pa cubu.

Kuseri kwa mapiri kuli nkhalango ya nyama ya Pilanesberg, yokula pafupifupi masikweya kilomita 550. Mapiri ozungulirawo ndi zotsala za phiri lophulika moto la zaka zoposa 1,000 miliyoni zapitazo. Kale munali minda ndi ng'ombe. Kuyambira mu 1979 anatsekako ndi mpanda, nabweretsa nyama pafupifupi 6,000 kucokera kwina, pa nchito yochedwa Operation Genesis. Lero muli njobvu, mikango, njati, akambuku ndi zipembere, ndipo m'deralo mulibe malungo.

Zitseko zitatu

Nkhani ya matikiti imveka bwino tikaganiza za zitseko zitatu. Coyamba ndi cipata ca Sun City yeniyeniyo: munthu wobwera kudzaswera tsiku limodzi, osagona, alipira pamenepo. Caciwiri ndi citseko ca cigwa ca mafunde, cimene cili ndi mtengo wace wapadera kwa mlendo wa tsiku limodziyo. Koma wogona m'mahotela a mkatimo alowa ku mafunde popanda kulipiranso, pakuti ndalama ya cipinda yatsegula kale zitseko ziwirizi. Cacitatu ndi cipata ca Pilanesberg. Nkhalangoyo ili m'manja mwa bungwe la boma la cigawoco, si ya eni mahotela, motero ili ndi malipiro ace, ndipo wofuna kukwera galimoto yotseguka ya woongolera alendo alipiranso mtengo wina pa munthu aliyense.

Pambali pa zitseko zazikuluzi pali tizitseko tambiri: mabwato a pa dziwe, malo oonerako ng'ona, mabwalo awiri a gofu, masewera a makina a ana, ndi zina. Ciliconse cili ndi mtengo wace, ndipo mwana akaona anzace alikukwera, kholo livutika kukana. Safunsa anadya phula. Musanalipire kanthu, funsani a hotela kuti akulembereni zimene mtengo wa cipinda waphimba: kodi cakudya ca m'mawa cilimo? Kodi cipinda cimodzi cilola ana angati, a zaka zingati? Kodi ufulu wolowa ku mafunde ufika ndi pa tsiku lotuluka m'cipinda? Mayankho atatu amenewa akhoza kusintha mtengo wa ulendo wonse.

Werenganinso anthu amene adzagwiritsadi nchito tikiti iliyonse. Pa mipita yotsetserekamo yaitali ana amapimidwa msinkhu, ndipo wamfupi abwezedwa ngakhale alire cotani. Ambuya amene mawondo awavuta sadzakwera makwerero amenewo, koma adzakondwa kwambiri pa galimoto yoona nyama. Khanda silingapirire maora atatu m'galimoto yotseguka m'bandakuca, ndipo oongolera alendo ali ndi malamulo ao pa za ana ang'ono. Si lamulo kuti banja lonse lilowe pa citseko ciliconse. Kugawana n'kwabwino: ena ku madzi, ena ku nyama, nakumana madzulo kusimbirana zimene aona.

Tsono kodi n'kwabwino kugona mkati kapena kunja? Yankho lili m'masamu a pa pepala. Ngati banja lingofuna tsiku limodzi la mafunde, ndipo mwana wanu akhala ku Rustenburg, ku Pretoria kapena ku Johannesburg, matikiti a tsiku limodzi akwanira: nyamukani m'mamawa, bwerani madzulo, nimugone kwanu kwa ulere. Pa nyengo ya maholide ciwerengero ca alendo a tsiku limodzi cimakhala ndi malire, motero gulani matikiti pa intaneti pasadakhale, kwa eni ace kapena kwa ogulitsa amene eni ace awachula. Cenjerani ndi anthu olengeza matikiti ochipa pa Facebook kapena WhatsApp. Cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Koma ngati mufuna masiku awiri kapena atatu, culukitsani mtengo wa zitseko ziwiri zija ndi ciwerengero ca anthu, kenaka ndi ciwerengero ca masiku, nimuonjezepo mafuta a galimoto ndi misonkho ya pa msewu. Ciwerengero cotulukaco ciikeni pambali pa mtengo wa cipinda ca ku Cabanas. Nthawi zina kusiyana kwace n'kocepa kuposa mmene munthu aganizira, ndipo wogona mkati ali ndi phindu lina losagulika: mwana akalema masana, cipinda cili pafupi.

Usiku si tsiku

Apa ndipo ambiri asokonezeka. Hotela igulitsa usiku, koma banja lisewera usana. Cipinda cimaperekedwa masana, dzuwa litapendeka, ndipo cimabwezedwa m'mawa. Motero wogula usiku umodzi alibe tsiku lathunthu ngakhale limodzi: ali ndi madzulo a lero ndi mmawa wa mawa, ndipo zonse ziwirizi zadyedwa ndi kumasula ndi kumanga katundu. Wogula usiku uwiri ali ndi tsiku lathunthu limodzi. Wogula usiku utatu ali ndi masiku athunthu awiri. Lamulo lace ndi losavuta: cotsanipo cimodzi pa ciwerengero ca usiku, ndipo cotsalaco ndiwo masiku anu enieni.

Popeza zinthu zazikulu za kumeneko ndi ziwiri, madzi ndi nyama, ine ndiona kuti usiku utatu ndiwo muyeso woyenera banja lofuna zonse ziwiri. Tsiku lofika likhale lopumula, loyenda m'minda, loona mlatho wogwedezeka uja ndi kudziwa poima mabasi. Tsiku laciwiri likhale la mafunde, kuyambira pamene atsegula, mizere isanatalike ndi dzuwa lisanapse. Masana ana agone pang'ono, nabwererenso madzulo ngati mphamvu zilipo. Tsiku lacitatu likhale la nyama. Magalimoto oona nyama amanyamuka m'bandakuca ndi cakumadzulo, pakuti masana nyama zibisala m'mithunzi, ndipo ulendo umodzi utenga maora ngati atatu. Amene ali ndi galimoto yao akhoza kudziyendetsa okha m'nkhalangomo, nalipira pa cipata pokha. Tsiku lacinai ndi la kadzutsa ndi kunyamuka.

Usiku wacinai ndi wacisanu kawirikawiri ungobwereza zimene zaonedwa kale. Khungu la ana lapsa, makutu adzala madzi, ndipo acikulire, posowa cocita, ayamba kuyendayenda m'masitolo ndi m'nyumba ya njuga. Ndalama yaikulu imatayika pa masiku oonjezera otere, pamene cimene munadzera catha koma cipinda cikali colipiridwa.

Kwa ena ngakhale usiku utatu waculuka. Banja la ku Cipata kapena ku Mambwe limene lafika kale ku Mfuwe laona nkhalango ya South Luangwa, yokula masikweya kilomita 9,050, imene iposa Pilanesberg kutalitali. Kwa otere njobvu ndi mvuu si zacilendo, ndipo usiku uwiri wa mafunde okha ukwanira. Cinthu cimodzi cimene cingawakope ndi cipembere, pakuti ku South Luangwa cinatha ndi opha nyama mozemba, ndipo ku Pilanesberg cimaoneka kawirikawiri cikudya msipu m'mbali mwa msewu. Aliyense ayese yekha ngati kuona cipembere kulingana ndi mtengo wa usiku wina.

Njira ndi nyengo

Masiku a pa njira nawonso awerengedwe. Ndeke yocokera ku Lusaka ifika ku Johannesburg m'maora ngati awiri. Basi itenga usana ndi usiku ndi kupitirira, kaya idzera ku Chirundu ndi Beitbridge, kaya ku Livingstone ndi pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Pa malire palibe munthu anganeneretu ora lowoloka. Cifukwa cace musaike usiku woyamba wa hotela pa tsiku limene basi iyembekezeka kufika, pakuti cipinda colipiridwa sicidikira basi yocedwa. Fikani kwa abale, mupumule tsiku limodzi kapena awiri, miyendo iphwe, ndipo pambuyo pace mupite ku Sun City. Oyenda ndi ana anyamule zikalata zao za kubadwa pamodzi ndi mapasipoti, ndipo mwana woyenda popanda kholo limodzi akhale ndi kalata ya cilolezo ca khololo.

Nyengo ya ku South Africa itsata yathu, koma kuzizira kwace n'koposa. Mu Juni ndi Julayi mmawa ndi wozizira kwambiri, ndipo m'miyezi yozizira cigwa ca mafunde cimatsekedwa kwa masabata angapo kuti cikonzedwe. Wopita pa nthawi imeneyo afunse masiku otsekerawo asanalipire cipinda, kuti ana asakapeze dziwe louma. Komabe nyengo yomweyo ndi yabwino poona nyama, cifukwa udzu ndi waufupi ndipo nyama zisonkhana pa madzi. M'dzinja, kuyambira Novembala kufika Febuluwale, kutentha n'koyenera kusambira, koma masana kumabwera mvula ya mabingu, ndipo mphezi ikayamba osambira amatulutsidwa m'madzi. Ici ndi cifukwa cinanso coyambira mafunde m'mawa.

Mitengo ya zipinda imakwera ndi kutsika monga mtengo wa cimanga. Imakwera pa Khrisimasi ndi Caka Catsopano, pa Pasaka, pa maholide a sukulu za ku South Africa, ndi pa mapeto a sabata iliyonse. Imakweranso pa masiku a mpikisano waukulu wa gofu umene unayamba mu 1981, umene umacitika cakumapeto kwa caka. Banja lokhoza kusankha lipite pakati pa sabata: kulowa Lolemba ndi kutuluka Lacinai. Mtengo ndi wotsikirako, mizere ndi yaifupi, ndipo tsiku Lamulungu likupezani muli pafupi ndi chalichi. Amene ulendo wao ugwera pa Lamulungu adziwe kuti malowa ali m'Dayosizi ya Rustenburg, ndipo afunsiretu za parishi yapafupi ndi ora la Misa, naliwerengere tsikulo kuti ndi la theka.

Thumba la banja

Patsala zinthu ziwiri zimene sizilembedwa pa tikiti iriyonse. Coyamba ndi cakudya. M'mudzi wa mahotela mulibe msika wa nsima ndi kapenta. Ciliconse cigulidwa pa mtengo wa alendo, ndipo banja la anthu asanu ndi mmodzi lidya katatu pa tsiku. Ngati kadzutsa ali m'mtengo wa cipinda, adyedwe mokhuta, ndipo ndalama ya cakudya ca masana ndi madzulo iikidwe padera, tsiku lililonse m'envulopu yace. Tsiku lililonse loonjezera pa ulendo ndi mbale zinanso khumi ndi ziwiri zogula.

Caciwiri ndi njuga. Nyumba yace siilola ana osafika zaka 18, koma kwa akulu ili pa njira, yowala ndi yoitana usana ndi usiku. Makina ace anapangidwa mwa masamu kuti pa nthawi yaitali mwini nyumba ndiye apambane. Akanapanda kutero, nsanja zazitali zija sizikanamangidwa. Bambo amene alowa "kukangoyesa pang'ono" ndi ndalama ya mafuta obwerera aika banja lonse pa ngozi m'dziko la eni. Mwamuna ndi mkazi apangane asananyamuke, ndipo ndalama ya ulendo wobwerera isungidwe ndi amene dzanja lace ndi louma.

Pomaliza, abale anga, ulendo wotere usayendedwe ndi ndalama ya kaloba, kapena ya feteleza, kapena ya sukulu. Mwana wogwira nchito ku South Africa nayenso asakakamizidwe kudzionetsa wolemera pamaso pa makolo, pakuti ambiri a iwo alipira nyumba zodula ndi kutumizanso kumudzi mwezi ndi mwezi. Ngati thumba lilola tsiku limodzi lokha, tsiku limodzi la mafunde lokonzedwa bwino lidzakhala m'mitima ya ana zaka zambiri. Ngati lilola usiku utatu, thokozani Mulungu nimupite pakati pa sabata. Ngati caka cino sililola kanthu, pang'onopang'ono ndi mtolo: yambani kusunga, ndipo mapiri a Pilanesberg, amene akhala pamenepo zaka zosawerengeka, mudzawapeza caka camawa. Khalani pansi monga banja, tengani pepala ndi pensulo, lembani maina a opita, zitseko zimene aliyense adzalowa, ndi masiku athunthu amene mufuna. Pa masikuwo onjezani cimodzi, ndipo mwapeza usiku umene muyenera kulipira.